Kodi n'zoona kuti mazenera ndiwo anagwetsa ndege ya Comet?

Funso: Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito ku njanji ku Livingstone, ndipo ankakonda kutisimbira za tsiku limene kunatera ndege yopanda mapulopela, yolira ngati likhweru lobaya m'makutu. Nditakula ndinamva kuti inali Comet, komanso kuti ndegezi zinkaphulika m'mwamba chifukwa mazenera ake anali a makona anayi. Kodi zenera lingagwetse ndege? Nanga ngati Angelezi ndiwo anayamba, bwanji lero tikukwera za Boeing ndi Airbus? — Wowerenga wa ku Chipata

Yankho: Achimwene, agogo anu sanakunamizeni. Pa 2 May 1952 ndege ya mtundu wa de Havilland Comet ya kampani ya ndege ya ku Britain yotchedwa BOAC inanyamuka ku London ndi anthu 36, ulendo wa ku Johannesburg. Aka kanali koyamba pa dziko lonse kuti anthu ogula matikiti akwere ndege ya jeti. Mafuta sankaifikitsa patali, choncho inkatera n'kumamwetsa: Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe, kenako Livingstone, n'kukafika ku Johannesburg patatha maola 23 ndi mphindi 40. Nambala yake inali G-ALYP, ndipo pa wailesi oyendetsa ankaitchula kuti Yoke Peter. Dzinali mulisunge, tikumana nalonso.

Za mazenerazo, ndinene kuti choona chilimo, koma nkhaniyi yafupikitsidwa mpaka yasanduka nthano. Zenera palokha silinagwetse Comet. Chinaigwetsa ndi kutopa kwa chitsulo, ndipo chimene chinabisa kutopako ndi mayeso amene opanga ndegeyo ankawadalira kwambiri. Kuti zimveke, tiyambire kumene inachokera.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mafakitale a ku Britain anali kalikiliki kupanga ndege zomenyera nkhondo, pamene Amereka ankapanganso zonyamula katundu ndi asilikali zankhaninkhani, monga DC-3, DC-4 ndi Constellation. Boma la Britain linaona kuti nkhondo ikatha, msika wonse wa ndege zonyamula anthu udzakhala m'manja mwa Amereka. Linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Lord Brabazon kuti ilingalire ndege zimene dzikolo lidzafune mtendere ukabwera. Mmodzi mwa anthu a m'komitiyo anali Sir Geoffrey de Havilland, mwini kampani yopanga ndege ku Hatfield. Maganizo ake anali akuti kuthamangitsana ndi Amereka pa ndege za mapulopela n'kungotaya nthawi, ndi bwino kuwadumpha ndi chinthu chimene Britain inali nacho patsogolo, injini ya jeti. Kampani yakeyo inali itapanga kale ndege ya nkhondo ya jeti yotchedwa Vampire. Ntchito yojambula Comet anaipereka kwa Ronald Bishop, yemwe uja anajambula Mosquito, ndege ya matabwa imene inatchuka pa nkhondo.

Tsono jeti ili ndi khalidwe lake. Ikamauluka m'munsi, mmene mpweya ndi wochindikala, imamwa mafuta ngati chidakwa. Kuti iyende ulendo wautali mafuta osatha, iyenera kukwera mpaka mamita 11,000 kapena 12,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri pamene ndege za mapulopela zinkafika. Kumeneko munthu sangapume, amakomoka pasanathe mphindi imodzi. Ndiye m'kati mwa ndege mumapopedwa mpweya kuti okwera azimva ngati ali pa phiri la mamita 2,400, lomwe silifika n'komwe pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje. Kusiyana kwa pulesha ya m'kati ndi ya kunja kunali 8.25 psi. Mukaonera tayala la galimoto, lomwe limapopedwa kupitirira 30, mungati imeneyo ndi pulesha ya masewera. Koma iwerengereni pa khoma lonse la ndege: malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ankakankhidwa ndi mphamvu yolingana ndi matani pafupifupi 6. Ndege ikakwera, thupi lake limafufuma pang'ono, ikatsika limaphwa. Ulendo uliwonse, kufufuma kamodzi, kuphwa kamodzi.

Vuto lachiwiri linali la injini. Comet yoyamba inali ndi injini zinayi za Ghost, zopangidwa ndi a de Havilland omwewo motsogozedwa ndi Frank Halford, zokwiriridwa m'mapiko pafupi ndi thupi la ndege. Zinali zodalirika ndithu, koma zopanda mphamvu zokwanira. Injini zonse zinayi kuziphatikiza sizifika pa mphamvu ya injini imodzi ya Boeing 737 ya masiku ano. Injini ikachepa mphamvu, katundu ndiye amachepetsedwa, ndipo Bishop ndi anzake anapungula kulemera paliponse pamene akanatha. Khungu la aluminiyamu la thupi la ndegeyo m'malo ambiri linali losakwana milimita imodzi, pafupifupi 0.7. Tengani khadi lanu la ku banki muliyang'ane cham'mbali, kuchindikala kwake n'komweko. Mbali zambiri anazimata ndi guluu wamphamvu wotchedwa Redux m'malo mokhoma mariveti (timisomali tolumikizira zitsulo), njira yomwe inali yatsopano pa ndege yaikulu chonchi.

Musaganize kuti anthuwa ankachita zinthu mwachibwana. Kampaniyo inali italipira kale mtengo wowawa. Mu September 1946 mwana wa Sir Geoffrey, amenenso dzina lake linali Geoffrey, anafa akuyesa kandege kopanda mchira ka DH 108 kamene anakapanga pofuna kuphunzira za mapiko opendekera kumbuyo. Maganizo opanga Comet yopanda mchira anasiyidwa. Imene inatuluka m'fakitale inali ndi maonekedwe odziwika, yosalala, yonyezimira. John Cunningham anaiulutsa koyamba pa 27 July 1949, ndipo anakhala m'mwamba mphindi 31. Tsikulo linali lokumbukira kubadwa kwa Cunningham komanso kwa Sir Geoffrey. Panadutsa zaka pafupifupi zitatu akuiyesa asanalole kuti munthu wa tikiti akwere.

Chaka choyamba chinali cha chikondwerero. Comet inkathamanga makilomita oposa 700 pa ola, pamwamba pa mitambo ndi mphepo zamkuntho, popanda kunjenjemera kuja kwa ndege za mapulopela. Okwera ankaimika ndalama yachitsulo cham'mbali pa tebulo kuti aone ngati igwe. Anthu pafupifupi 30,000 anaikwera m'chakacho, maulendo anawonjezeka mpaka ku Singapore ndi Tokyo, ndipo ngakhale Pan Am ya ku America inaitanitsa zitatu za mtundu wokulirapo.

Ngozi zoyamba sizikukhudzana ndi funso lanu, ndingozidutsa. Ku Rome mu October 1952 ndi ku Karachi mu March 1953 ndege zinalephera kunyamuka chifukwa mphuno inadzutsidwa msanga mapiko asanagwire mpweya. Ku Karachi kunafa anthu 11. Poyamba mlandu unagwera oyendetsa, pambuyo pake kutsogolo kwa mapiko kunakonzedwa. Pa 2 May 1953, chaka chenicheni chitatha chiyambire maulendo, Comet ina inasweka m'mwamba itangonyamuka ku Calcutta mvula yamkuntho ili m'kati, anthu 43 n'kufa. Onse anati ndi mkunthowo.

Pa 10 January 1954 panalibe mkuntho woti n'kuunamizira. Yoke Peter, yomwe ija inatera ku Livingstone, inkachokera ku Singapore ndipo inanyamuka ku Rome m'mawa kunja kuli bwinobwino. Itauluka mphindi 20 ikukwerabe, kaputeni wake Alan Gibson ankalankhula pa wailesi ndi mnzake wa ndege ina ya BOAC, ndipo mawu ake anadukira pakati pa chiganizo. Asodzi a pa chilumba cha Elba anamva kuphulika, n'kuona zidutswa zikugwera m'nyanja, zina zikuyaka. Anthu onse 35 anafa. Dokotala wa ku Italy amene anapima mitembo anapeza mapapo ophulika ndi zigaza zosweka, zizindikiro zoti mpweya wa m'ndege unatuluka mwadzidzidzi anthuwo asanafike pa madzi.

BOAC inaimitsa ma Comet onse. Akatswiri, posadziwa chenicheni, analemba chilichonse chimene akanachiganizira, makamaka moto ndi kuthyoka kwa zitsulo za m'injini, n'kusintha zinthu zambirimbiri. Pa 23 March ndege zinayambanso kuuluka, zidutswa za Yoke Peter zambiri zikadali pansi pa nyanja. Kwa ine, pa nkhani yonseyi apa ndi pamene pali cholakwa chovuta kuchikhululukira. Kusadziwa bwino mmene kutopa kwa chitsulo kungawonongere thupi la ndege yopopedwa mpweya kunali kusadziwa kwa dziko lonse pa nthawiyo. Koma kubwezera ndege m'mwamba chimene chapha anthu chisanadziwike, chimenecho chinali chosankha cha anthu, ndipo ndalama zimene zinkatayika tsiku lililonse pamodzi ndi ulemu wa dziko zinalankhula mokweza. Patangotha masiku 16, pa 8 April, Comet ina, G-ALYY, yobwerekedwa ndi South African Airways pa ulendo wa ku Johannesburg, inanyamuka ku Rome kupita ku Cairo n'kusweka pamwamba pa nyanja cha kufupi ndi Naples. Anthu 21 anafa. Chilolezo choti Comet iziuluka chinalandidwa.

Kafukufuku anaperekedwa kwa Sir Arnold Hall wa ku Royal Aircraft Establishment, bungwe la boma la Britain lofufuza za ndege, ku Farnborough. Asilikali apamadzi anasesa pansi pa nyanja ku Elba ndi makoka ndi makamera a pansi pa madzi, ndipo zidutswa zimene ankavuula ankazitumiza ku Farnborough kumene ankazilumikiza pa chimango cha matabwa, ngati munthu wobwezeretsa mbiya yosweka. Hall ankakayikira thupi lenileni la ndegeyo. Anatenga Comet yamphumphu, G-ALYU, n'kuimangira thanki yaikulu mozungulira thupi lake, mapiko okha atatulukira m'mbali. Anadzaza madzi m'thankimo ndi m'ndege momwe. Kenako ankapopera madzi owonjezera m'kati mwa ndege mpaka pulesha ifike ya m'mwamba, n'kuwatulutsa, uku majeki akukweza ndi kutsitsa mapiko. Ulendo wa maola angapo ankautha m'mphindi zochepa, usana ndi usiku. Anasankha madzi chifukwa mpweya wopanikizidwa ukapeza potulukira umaphulitsa chilichonse ngati bomba, umboni wonse n'kuwonongeka, pamene madzi sapanikizika, amangotayika, mng'alu n'kutsala pamalo pake kuti uonedwe.

Kumapeto kwa June 1954 pulesha ya m'thanki inagwa mwadzidzidzi. Atakhuthula madzi anapeza khungu la ndege litang'ambika kuchokera pa kona ya zenera lothawira pa ngozi, kutsogolo. Ndegeyo inali itauluka maulendo enieni 1,221, kuwonjezera 1,836 a m'thanki, onse pamodzi 3,057. Opanga ankayembekezera kuti ingapirire maulendo oposa 10,000. Yoke Peter inasweka itakwanitsa 1,290 okha, ya ku Naples 900.

Kutopa kwa chitsulo mumakudziwa kale, ngati munapangapo galimoto ya mawaya muli mwana. Pulayala palibe, waya ndi wolimba, kumukoka sangaduke ngakhale mutagwirizana anyamata asanu. Mumatani? Mumamupinda uku, n'kumubweza uku, kangapo, pamalo amodzimodzi. Pamalopo pamayamba kutentha, pamachita mbuu, kenako thyo! Kupinda kulikonse pakokha n'kochepa mphamvu, koma kumasiya kachilonda kosaoneka ndi maso, ndipo tizilondato timaunjikana. Kufufuma ndi kuphwa kwa thupi la ndege ndiye kupindako. Aluminiyamu ndi woipirapo pa khalidweli: ngakhale mutamupinda pang'ono chotani, mukabwereza mokwanira adzang'aluka basi.

Nanga bwanji pa kona? Yang'anani mayi wogulitsa zitenje pa msika akamadula nsalu. Sadula ndi sizasi mpaka kumapeto. Amangotema pang'ono m'mphepete, n'kugwira uku ndi uku, n'kukoka, nsalu n'kung'ambika yokha mpaka kutsidya. Popanda kutemako angakoke mpaka thukuta. Mphamvu yonse ya manja ake imasonkhana pa nsonga ya potemedwapo. Bowo lililonse pa khungu la ndege, kaya zenera, kaya chitseko, limakakamiza mphamvu yokoka chitsulo kuti ilambalale, ndipo polambalala imathinana m'makona. Kona ikakhala yakuthwa, kuthinanako kumakula. Atamata zoyezera m'makona a mazenera a Comet ku Farnborough, anapeza kuti chitsulo chinkakokedwa kwambiri kuposa mmene masamu a ku Hatfield ananenera.

Tsono imvani kumene nthano ija imaphonya. Mu August 1954 anavuula chidutswa cha denga la Yoke Peter, ndipo chinaonetsa pamene kung'ambika kunayambira. Sipanali pa zenera la okwera ayi. Pa denga, pamwamba pa mitu ya anthu, panali mabowo awiri a makona anayi otsekedwa ndi chinthu chosatchinga mafunde a wailesi, mmene munkakhala ma eriyo a chipangizo cholozera njira chotchedwa ADF. Pa Chingelezi mabowo amenewa ankatchedwanso mazenera, ndipo apa ndi pamene anthu anasokonezera. Mng'alu unayambira pa kabowo kokhomapo chitsulo pafupi ndi kona ya limodzi mwa mabowowa. Komanso mazenera a okwera sanali ndi makona akuthwa ngati a m'nyumba, anali okhotako ndithu, kungoti kukhotako kunali kochepa poyerekeza ndi kupyapyala kwa khungu. M'mphepete mwa mazenerawo anakhomamo mariveti, ndipo mabowo a mariveti oboola mokhomerera amasiya timing'alu tating'ono m'milomo mwake kuyambira tsiku loyamba, kusiyana ndi oboola ndi dirilo. Kutema kuja kwa mayi wa zitenje kunali kutachitika kale ndege isanatuluke m'fakitale. Ndipo mng'alu ukayamba kuthamanga panalibe chouimitsa, unkadutsa khungu lonse pa kanthawi kosakwana sekondi.

Funso limene limandigwira mtima ine ndi lina: zinatheka bwanji kuti kampani yosamala chonchi isaone? Anayesa. Anatenga chigawo cha thupi la ndege n'kuchipopa ndi kuchiphwetsa maulendo oposa 16,000 chisanang'aluke, n'kukhutira kuti ndege yawo ndi yolimba mopitirira muyeso. Koma chigawo chomwecho anali atayamba achipopa kangapo pulesha yoposa ya nthawi zonse, mpaka kuwirikiza kawiri, pofuna kutsimikiza kuti sichingaphulike. Kupopa kwamphamvuko kunatambasula chitsulo cha m'makona mpaka chinasintha mkhalidwe wake, n'kukhala chopirira kutopa kuposa chitsulo chimene sichinakokedwe motero. Ndege zimene anagulitsa kwa BOAC sizinalandire mankhwala amwayi amenewa. Mayeso oyamba anaipitsa mayeso achiwiri, ndipo manambala okongola amene anatuluka anali a ndege imene kunja kuno kunalibe. Bwalo lofufuza lotsogozedwa ndi Lord Cohen, limene linatulutsa lipoti lake mu February 1955, silinapeze a de Havilland olakwa, poti anatsata zonse zimene zinkadziwika pa nthawiyo, ndi kupitirira.

Choncho mukandifunsa ngati zenera la makona lingagwetse ndege, ndinena kuti kona imasankha malo amene mng'alu uyambire, koma khungu lopyapyala, mabowo oboola mwankhanza ndi kusowa chotchinga mng'alu ndi zimene zinapangitsa kuti mng'aluwo uphe. Mukadzakwera ndege muyang'ane zenera lanu. Pa ndege zambiri si lozungulira, ndi la mbali zinayi la makona okhota bwino, lokhala m'chimango chochindikala.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri. Comet itaimitsidwa, Boeing inali itatsala pang'ono kumaliza ndege yake yoyesera, 367-80, imene inauluka pa 15 July 1954, thanki ya ku Farnborough itangoulula chinsinsi. Zimene Angelezi anapeza sanazibise, anazifalitsa, ndipo opanga ndege onse anaziwerenga. Makampani a ku Amereka a Boeing ndi Douglas anaika khungu lochindikala ndi malamba a chitsulo m'kati mwake, kuti mng'alu ukayamba uziima pa lamba wotsatira mpweya n'kumangotuluka pang'onopang'ono. A de Havilland nawo anamanganso ndege yawo: Comet 4, yaitali, ya khungu lolimba, mazenera ozungulirako, ndi injini zamphamvu za Rolls-Royce Avon. Pa 4 October 1958 inayambitsa maulendo a jeti pakati pa London ndi New York, kutsogola Pan Am ndi Boeing 707 yake ndi masabata atatu. Koma mpikisano unali utatha kale. Comet 4 inkanyamula anthu 60 mpaka 80, pamene 707 inkanyamula pafupifupi kuwirikiza kawiri, mothamangirapo, chifukwa cha mapiko opendekera kumbuyo kwambiri amene Boeing inaphunzira popanga ndege ya mabomba ya B-47. Injini za 707 zinkalendewera pansi pa mapiko, posavuta kuzifikira ndi kuzisintha. Ine ndimaona kuti ngakhale pakanapanda ngozi zija, Comet ikanavutikabe, chifukwa inajambulidwa molingana ndi injini za 1946 ndi okwera ochepa olemera a njira za ufumu wa Britain. Ngozi zinangoilanda zaka zinayi zimene ikanagulitsa popanda wopikisana naye. Ma Comet onse amene anapangidwa ndi 114, pamene ma 707, tikaphatikiza a asilikali, anafika pafupifupi 1,000.

Comet 4 inagwira ntchito bwino zaka zambiri. East African Airways inali nayo, ndipo kampani ya Dan-Air inanyamula nayo anthu mpaka 1980. Ndege ya asilikali yolondera nyanja, Nimrod, inamangidwa pa thupi la Comet ndipo inauluka mpaka 2011. Fakitale ya ku Broughton ku Wales, imene inapangako ma Comet, lero ndi imene imapanga mapiko a ndege zambiri za Airbus zimene mukunenazo.

M'mabuku a ndege iliyonse masiku ano mumalembedwa manambala awiri, maola amene yauluka ndi maulendo amene yanyamuka n'kutera, ndipo amakaniko akamasaka ming'alu m'thupi la ndege amayang'ana kwambiri nambala yachiwiriyo. Ndege ya maulendo afupiafupi imakalamba msanga kuposa ya maulendo ataliatali. Zinaonekanso mu April 1988 ku Hawaii, pamene Boeing 737 ya Aloha Airlines, yozolowera kudumphadumpha pakati pa zilumba mpaka maulendo pafupifupi 90,000, inasasuka denga ili m'mwamba. Munthu mmodzi wogwira ntchito m'ndegemo anafa, koma ndegeyo inatera.

Chidutswa chija cha denga la Yoke Peter chikusungidwa ndi Science Museum ya ku London. Mabowo awiri a ma eriyo akuonekabe, ndi mzere wa mng'alu wochokera pa kona. Ngati agogo anu anaona ulendo woyamba uja, ndiye kuti chitsulo chimenecho chinadutsa pamwamba pa mutu wawo ku Livingstone, kutatsala chaka ndi miyezi 8 kuti chigwere m'nyanja ku Elba.